Mabuleki a amalume

Ndili mnyamata kwathu ku Thyolo, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti wolowa m'malo mwa woimba Allan Namoko ndine. Wayilesi ya MBC ikangoika nyimbo ya gulu lake la Chimvu River Jazz Band, khasu ndinkalisiya lili chiimire pamzere, ulendo wa pakhonde pa amalume. Namokoyo sankaona, koma zala zake zikagwira banjo n'kuyamba kuimba m'Chilomwe, ngakhale agogo ankaiwala nyamakazi. Ndiponso anali wa boma lathu lomweli.

Atamwalira mu 1995, ndinalira tsiku limodzi, lachiwiri ndinayamba kufunafuna zipangizo. Chigubu cha oyilo ndinatola pagalaja, mtengo ndinasema ndekha. Zinatsala zingwe. Mwana aliyense wa kumudzi ankadziwa kuti banjo imalira bwino ndi waya wa buleki ya njinga, ukaumasula n'kupatula timawaya take tating'onoting'ono. Njinga ya mabuleki a waya pamudzi ponse inali imodzi: ya amalume, ya magiya, yogula ndi ndalama za kuesiteti ya tiyi.

Usiku ndinachotsa wa kumbuyo wokha, poti ndine munthu wachifundo. Pokunga, timawaya tinaduka motsatizana, thapu! thapu! Ndinabwerera kukatenga wa kutsogolo, n'kulumbira kuti ndibwezera Lolemba.

Loweruka m'mamawa amalume anatulukira atavala jekete, tambala ali kukhwapa.

"Mphwanga, undipalase, kuchinkhoswe akudikira ine."

Mmalo moulula, mutu wanga unangoona khamu la anthu oti andimvere kuimba. Ndinabereka banjo kumsana, amalume anakhala pakaliyala, tinanyamuka.

Amene anafikako ku Thyolo akudziwa kuti kulibe msewu wopanda chitsikireko. Titapitirira tchalitchi, njinga inayamba kudziyendetsa yokha. Mizere ya tiyi inkangodutsa ngati tili pabasi.

"Gwira buleki, iwe!"

Ndinafinya zogwirira zonse ziwiri. Zinangoti fwaa, ngati ndafinya nthochi yakupsa.

"Ndati buleki!"

"Amalume, mabuleki ndi amene mwatsamirawo."

Sanayankhe. Anayankha ndi tambala. Ndinayesa kukwekweretsa patapata pa tayala, patapata anapita. Pansi pa chitsikirekocho panali kamlatho ka mitengo itatu, ndipo ife tinasankha wachinayi.

Nditadzuka m'matopemo ndinaona amalume atakhala m'madzi ofika m'chiuno, jekete ikuyandama, amayi ochapa akuseka mpaka kugwetsa sopo. Tambala anali tsidya lina, akulowa m'tiyi osatembenuka. Kuchinkhoswe a kuchikazi anadikira ndi thadzi lawo mpaka dzuwa kupendeka.

Amalume anatola banjo ija, yomwe sinakandike n'komwe. Anakhudza chingwe chimodzi, kenako china, n'kupendeketsa mutu.

"Uyu ndi wa kutsogolo kapena wa kumbuyo?"

"Wa kutsogolo, amalume."

"Komatu akulira bwino."

Ndinathyola tiyi miyezi iwiri kulipira tambala ndi mawaya. Banjo anailanda, ndipo mpaka lero amaiimba okha pakhonde. Ine amandilola kugwedeza chisekese.