Pule ya ku Johannesburg ndi khola la apongozi

Alamu anga a ku Johannesburg ali ndi matenda otumiza zinthu zimene munthu sunapemphe. Ulendo uno ananditumizira pule, kagudumu kozunguza lamba wa injini, ya pikapu yanga, ija ndimanyamulira kachewere kuchoka ku Bembeke kupita naye ku Lizulu. Inali ya aluminiyamu, yonyezimira, yopepuka, komanso yocheperapo kusiyana ndi imene inabwera ndi galimoto. Pa WhatsApp anandilongosolera kuti pule ya pa crankshaft, shafuti yaikulu ya injini, ikachepa, lamba amazunguza alternator yotchajira batire ndi pampu ya madzi mofatsa, ndiye mphamvu imene injini imataya kumeneko imatsalira matayala. "Alamu, zitunda za ku Dedza muzikwera pa giya folo. Ndi bawuti imodzi yokha, nsima isanapse mwamaliza."

Bawuti inalidi imodzi.

Loweruka m'mawa, chifunga chili mbuu, ndinayala zida zanga pa thumba la feteleza: masipanala a 10, 12 ndi 14, shifitini, pulayazi ndi sikuludilaiva yolala kumutu. Fani, chivindikiro chake ndi lamba zinachoka mosavuta, mpaka ndinayamba kuimba mluzu. Nditafika pa bawuti ija, shifitini inangoteleleka ndi kundisenda zala. Pamafunika soketi yaikulu ndi power bar, chitsulo chachitali chopotolera soketiyo. Soketi ndinakabwereka kwa wowotcherera zitsulo pa tiledingi, power bar kwa mkulu wina wa chigayo, amene anabwera nayo yekha chifukwa, akuti, zida zobwereketsa zimamera miyendo.

Tinaika soketi ndi kukoka. Bawuti inatembenuka bwinobwino, ine mtima m'malo, mpaka mkulu wa chigayo anandiuza kuti chikuzungulira ndi injini yonse. Ndiye khalidwe la bawuti ya pa crankshaft limenelo, popanda chogwira pule kapena flywheel ungapote mpaka dzuwa kulowa. Ndinaitana mphwanga kuti aike galimoto m'giya ndi kuponda buleki. Ku power bar tinalumikizako paipi yakale ya mjigo, yotalika kuposa ine, ndipo tinalendewera amuna atatu. Paipi inapindika. Bawuti phee.

Apa n'kuti anthu atadzaza pabwalo. Ine ndine mkamwini pamudzipa, ndipo mkamwini akagona pansi pa galimoto aliyense amasanduka makanika. Wina anati tiithire palafini, wina anati tiiwotche, agogo ena anati chitsulo chimenecho chili ndi mwini wake. Kenaka panatulukira mnyamata amene anathandizirako pa galaja ina ku boma. Iye anati njira ndi yosavuta: tsamiritsani power bar pa chasisi, zulani waya wa koyilo kuti injini isalire, kenaka mugunde sitata kamodzi kokha. Sitatayo ndiyo imasule. Njirayi imagwiradi ntchito, bola giya ikhale pa fili. Waya tinazula. Za giya palibe anafunsa mnzake, ndipo mphwanga, amene anaiika pa wani, anali atapita kukamwa thobwa.

Ndinapotoza kiyi. Panamveka phokoso lakuti "thaa!", pikapu inadumpha ngati chule, mwala wa kutayala unathawa, ndipo handibuleki yanga, imene inasiya ntchito kalekale, sinalowererepo. Bwalo lathu ndi lotsetsereka. Kumunsi kwake kuli khola la nkhumba la apongozi anga. Mmene phazi limapeza buleki n'kuti bampala ili m'kati, nkhumba yaikazi ndi ana ake ali pa liwiro lolowera kudimba la kabichi, ana a m'mudzi ali pambuyo ndi chimwemwe chosaneneka.

Apongozi anatuluka m'khitchini mthiko uli m'manja. Paja mkamwini sayankhulidwa maso ndi maso, choncho anayang'ana mwana wawo. "Tawafunsani bambo a kwanuwo, kodi nkhumbazi nazonso zikupita ku Lizulu?" Mnyamata wa ku galaja anasuzumira pansi ndi kulengeza monyadira kuti bawuti yamasuka.

Koma pule yakale inakakamirabe pa shafuti. Hamala anthu anaitchula kangapo, ine ndinakana, chifukwa kumenya kapena kutema ndi chitsulo kumawononga oilo silo, mawa galimoto izidontha. Pamafunika pula, kachida kamabawuti kamene kamakoka pule molunjika kwinaku kakukankha pakati pa shafuti. Ndinakaibwereka ku galaja ya ku Dedza boma limodzi ndi torque wrench, yomangira bawuti pa mlingo wolembedwa m'buku la galimoto. Zida ziwirizi zinabwera ndi mlonda wake, kamnyamata kamene kanadya nsima ya anthu awiri kenaka n'kufunsa ngati kuli tiyi. Titamanga pule yatsopano, lamba wakale anangoti lendee, popeza pule yaing'ono imafuna lamba wamfupi. Ulendo winanso wa ku boma. Mitengo ndi misomali ya khola ndiye sindiwerenga.

Mphamvu yowonjezerayo ndinaifunafuna mu msewu wa M1 osaipeza. Chitunda chimene ndinkakwera pa giya thuu ndinakwera pa giya thuu. Chimene ndinaona ndi chakuti galimoto ikaima injini ikulira, nyali zimafooka ndipo kagetsi ka batire kamaphethira, pakuti alternator ikuzungulira mwaulesi. Ku Lizulu madzulo ndinadikira ogula, nyali ndi wailesi zili zoyatsa, ndiye ndinathimitsa injini pang'ono. Anaikankha ndi amayi ogulitsa tomato, aliyense atalonjezedwa kachewere.

Usiku womwewo alamu anaimba, ali ndi nkhani yabwino: apeza ekizozi yaikulu, ikwera basi ya sabata ya mawa. Ndisanayankhe, apongozi anatambasula dzanja kwa mwana wawo. "Bweretsani foniyo kuno, ndiyankhule naye ine."