Katemera wa Hepatitis B akakana kugwira kwa munthu wamkulu

Munthu wamkulu amabayitsa katemera wa Hepatitis B, matenda a chiwindi oyamba ndi kachilombo, katatu: tsiku loyamba, pakatha mwezi, kenako pa mwezi wachisanu ndi chimodzi. Mwa anthu athanzi 100 alionse, oposa 90 amapanga chitetezo. Chimayezedwa m'magazi poona kuchuluka kwa anti-HBs, asilikali a m'thupi olimbana ndi kachilomboko, pakatha mwezi umodzi kapena iwiri chibayitsireni komaliza, ndipo chikafika 10 mIU/mL, katemera wagwira. Kwa amene sichinafike, musathamangire kunena kuti thupi lawo lakana.

Funsani kaye kuti magazi anayezedwa liti. Namwino amene anabayitsa zaka khumi zapitazo akhoza kupezeka ndi chitetezo chotsika pamene thupi likukumbukirabe kachilomboko. Ameneyu m'bayeni kamodzi, muyezenso pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Chikakwera, nkhani yatha.

Amene chitetezo chake sichinakwere muyezeninso HBsAg ndi anti-HBc, zimene zimaonetsa ngati ali ndi kachilomboko kapena anakhalapo nako. Pamenepa ndi pamene ambiri amalumpha. Munthu amene ali kale ndi kachilomboko, mwina kuyambira ali khanda, sangapange chitetezo ngakhale mutam'baya kangati; iye akufunika kuunikidwa chiwindi. Kuno ku Malawi katemerayu analowa m'ndondomeko ya makanda mu 2002, choncho ambiri obadwa kale anakula osatetezedwa.

Nthawi zina vuto ndi kabayidwe. Jakisoni wa m'thako amathera m'mafuta ndipo sagwira bwino. Malo ake ndi mnofu wa paphewa. Singano ya mamilimita 25 imakwanira kwa ambiri, koma munthu wonenepa kwambiri amafunika ya 38. Katemerayu amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akangoundana m'furiji, wawonongeka. Zimachitika akagundana ndi mapaketi a ayisi m'bokosi lonyamulira. Mukakhutchumula kabotolo koteroko mumaona timibulu tikukhazikika pansi msanga. Kusuta fodya, zaka zopitirira 40, shuga, HIV ndi matenda a impso nazo zimafooketsa katemerayu.

Zonsezi zikaunikidwa, bwerezani ndondomeko yonse ya majakisoni atatu, kenako muyeze panthawi yake. Ambiri amene anakanika poyamba amagwira apa. Kwa ofooka chitetezo, madokotala amawirikiza mlingo: katemera wotchedwa Engerix-B wa mamaikulogalamu 40 m'malo mwa 20. Odwala impso a pa dialysis (makina osefa magazi) amabayidwa mlingo umenewu kanayi, pa mwezi 0, 1, 2 ndi 6, ndipo amayezedwa chaka chilichonse chifukwa chitetezo chawo chimatsika msanga. Wa HIV amene anakanika asanakhazikike pa ma ARV ndi bwino kum'bwereza kachilombo katagonja m'magazi ndipo CD4 yakwera.

Pali katemera wina, Heplisav-B, amene anavomerezedwa ku America mu 2017. Ali ndi mankhwala odzutsa chitetezo otchedwa CpG 1018, ndipo amabayidwa kawiri kokha, motalikirana mwezi umodzi. Pa kafukufuku wa BEe-HIVe, wofalitsidwa mu 2024, mwa anthu a HIV amene anakanika kale, pafupifupi 93 pa 100 anatetezedwa atabayidwa kawiri, 99 atabayidwa katatu, pamene Engerix-B anateteza pafupifupi 81. Kumene akupezeka, ndiye woyenera kuyamba kumuganizira. Tsoka lake, m'zipatala zathu zambiri simungamupeze.

Munthu akabayitsa kasanu ndi kamodzi osafikabe pa 10, ndipo HBsAg ilibe kanthu, alembedwe m'buku lake la chipatala kuti alibe chitetezo. Wogwira ntchito m'chipatala wotere akabayidwa ndi singano yochokera kwa wodwala Hepatitis B, atsuke bala ndi sopo ndi madzi, ndipo alandire jakisoni wa HBIG (chitetezo chopangidwa kale cholimbana ndi kachilomboko) mwachangu, makamaka maola 24 asanathe, ndi wina pakatha mwezi umodzi.