Zikomo nonse amene munandisunga pa mimba ya shuga

Mwana wathu wakwanitsa miyezi iwiri lero, ndipo Lachisanu ndinakapimitsanso magazi: shuga wabwerera m'malo mwake. Ndiye ndati ndisakhale chete ngati ulendowu ndinayenda ndekha.

Anesi a ku sikelo kwathu ku Chawama, inu ndinu oyamba. Mimba ili ndi masabata 26 munaona kuti ikukula mothamanga, ndipo mutamva kuti amayi ondibereka ali ndi shuga, munanditumiza ku chipatala chachikulu cha UTH kukapimitsa shuga. Ndinapita m'mamawa osalawa kanthu. Ananditenga magazi, n'kundimwetsa madzi a glucose wa magalamu 75, otsekemera mpaka nseru, kenako kudikira pabenchi kuti anditengenso pakatha ola limodzi ndi maola awiri. Shuga wa m'mawa uja unali 5.8, pamene malire ndi 5.1. Ndinalira njira yonse m'minibasi.

Adokotala, zikomo pondikhazika pansi. Ine ndinkadziimba mlandu wa zitumbuwa, koma munati mahomoni ochokera ku nsengwa ndi amene amafooketsa insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, ndipo shuga wotsala m'magazi amapita kwa mwana n'kumunenepetsa mpaka kubereka kumavuta.

Koma amene ndikufuna kuwagwadira ndi apongozi anga. Tsiku loyamba anakalipa: "Mwana wanga, wapakati amadya za anthu awiri. Anthu awa akufuna kukupha ndi njala!" Sikelo yotsatira anandiperekeza kuti akadzimvere okha. Pobwerera sanayankhule zambiri, anangotsikira ku msika wa Soweto n'kugula roller meal, ufa wosayeretsa kwambiri. Ufa woyera wa breakfast unatha m'nyumba. Nsima yanga inali mtanda umodzi, waukulu ngati chibakera changa, koma chibwabwa chotendera, kapenta, nyemba ndi impwa zodzaza mbale. Fanta ndi maheu anazithamangitsa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti nawonso anayamba kumwa tiyi wopanda shuga, eni ake a masupuni atatu, nkhope itakwinyika, kuti ndisamasirire. Amayi, Mulungu akusungeni.

Atate ake a mwana, inu munali ndi kope lija. Kanayi pa tsiku kudzibaya chala kuti ndipime shuga, ndikadzuka ndiponso pakatha maola awiri nditadya, inu n'kumalemba manambala ngati kalaliki. Mastrip opimira shuga akatha munkathamangira m'tauni ngakhale pakati pa mwezi pamene thumba lauma. Madzulo tikadya munkandikoka kuti tiyende, aneba n'kumatiseka kuti chibwenzi chayambiranso. Zakudya zitalephera pazokha pa masabata 32 n'kundiyambitsa metformin, mankhwala otsitsa shuga, munandiletsa kuziona ngati kugonja.

Amayi a kutchalitchi, alamu anga amene munkatunga madzi ndi kuchapa, sindinakuiwaleni.

Mwana anabadwa ndi makilogalamu 3.4. Anamubaya kachidendene kuona ngati shuga wake watsika, ndipo anali bwino, n'kuyamwa nthawi yomweyo. Ine andiuza kuti ndizipimitsabe chaka ndi chaka, chifukwa amene anadwalapo shuga wa pamimba amatha kudzadwala shuga weniweni m'tsogolo. Ndamva, ndipo roller meal sichoka m'nyumba muno. Koma Amayi, Loweruka lino chitumbuwa chimodzi chokha, musandimane.