Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Mtengo wa Zala Ziwiri

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene makina ochekera matabwa anandidula zala ziwiri zakumanja, cha mkombaphala ndi chapakati. Nditatuluka m'chipatala, kapitawo wathu anabwera kudzandizonda atanyamula envelopu ndi chikalata choti ndisayine. Anati, "Achimwene, ngoziyi munaiputa nokha pochotsa chotchingira macheka, koma abwana akumverani chisoni, choncho landirani kangachepeka kuti nkhani ithere pompano." Chotchingiracho ndinachotsadi ndine, chifukwa utuchi unkatsekamo, ngakhale kuti tonse tinkatero iwo akuona. Ndikanasayina tsiku lomwelo, koma dzanja linali m'bandeji ndipo cholembera sichinagwirike.

Amene ananditsegula m'maso anali bambo wina wachikulire wa m'bungwe la anthu ogwira ntchito. Anandifotokozera kuti kale wovulala ankayenera kusumira bwana wake ndi kupereka umboni wakuti bwanayo ndiye analakwa, ndipo amphawi ambiri ankagonja asanafike n'kukhoti komwe. Zimenezi zinayamba kusintha mu 1884, pamene dziko la Germany, mu ulamuliro wa Otto von Bismarck, linakhazikitsa inshuwaransi ya ngozi zapantchito. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lake mu 1897, ndipo bungwe loona za anthu ogwira ntchito padziko lonse la ILO linagwirizana za pangano nambala 121, lonena za chipukuta misozi kwa ovulala pantchito, mu 1964. Mfundo yake ndi yakuti chipukuta misozi sichifunsa wolakwa, chimangofunsa ngati munthu wavulala akugwira ntchito imene analembedwera. Kuledzera kapena kudzivulaza dala kungathe kumulepheretsa munthu kulandira, koma kusasamala wamba ayi. "Mwana wanga," anatero, "si chisoni cha abwana chimene ukupempha."

Chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene dokotala anandipima chilonda chitapola. Anatsegula ndandanda imene chiwalo chilichonse chinalembedwa ndi maperesenti ake, diso, mkono, mwendo, mpaka chala chilichonse pachokha, ndipo ndinaona kuti chala chachikulu chinali ndi mtengo woposa zinzake chifukwa popanda icho dzanja siligwira kanthu. Anandiuza kuti ndifumbate, nditambasule, nditole kandalama patebulo, kenako analemba nambala imodzi imene anakaichulukitsa ndi malipiro anga. Sindikunyoza njirayi, pakuti ndi imene inachititsa kuti ndalama yanga isadalire mtima wa munthu. Komabe ndandandayo sinkadziwa kuti ndine mmisiri, ndipo zala zomwezo zikanapatsidwa maperesenti ofanana zikanakhala za mlonda, amene angapitirize ntchito yake bwinobwino.

Nditapita ndi chikalata cha dokotala ku ofesi yoona zantchito, mlembi anafufuza m'mabuku ake kwa nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti abwana anga anali asanapereke lipoti la ngoziyo, ngakhale kuti unali udindo wawo kutero. Mmene ndinapezera mboni pakati pa anzanga amene ankaopa kuchotsedwa ntchito, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.