Zikomo kwa amakaniko osawadziwa a ku Ntcheu

Loweruka lapitali galimoto yathu yakale ya dizilo inayamba kutsamwa pokwera mtunda pa msewu wa M1, titangodutsa Ntcheu boma. Ndikaponda moto inkangobuula, kenako inazima. Mumtima ndinati pampu yafa basi.

Kunatulukira bambo wina pa njinga yamoto ndi mwana wawo. Anamasula fyuluta ya mafuta n'kutsanulira zam'kati m'botolo: pansi madzi ndi matope, dizilo akuyandama pamwamba. Mnyamatayo anathamangira ku boma kukagula ina. Ataimanga, anapopa kapampu kam'manja mpaka mpweya wonse unatuluka. Kungotembenuza kiyi, injini inalira.

Bambo, dzina sindinakufunseni, ndipo ndalama ya ntchito munakana. Zikomo kwambiri, inu ndi mwana wanu amene anagwira tochi mvula ikuwaza. Ku Lilongwe tinafika bwino.