Zikomo nonse amene munandinyamula pa ulendo wa kafukufukuyu

Lachisanu lapitali ndinaima pamaso pa aphunzitsi kuteteza kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri kuno ku China, ndipo anandiuza kuti ndakhoza. Ndisanayambe kulongedza masutikesi, ndati ndithokoze pagulu, chifukwa ena mwa inu mwandinyamula zaka zitatu osadziwa n'komwe chimene ndinkaphunzira.

Amayi amauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo akuphunzira zamakompyuta. Sanama ayi. Koma ntchito yeniyeni inali kuphunzitsa kompyuta kuzindikira ngati uthenga umene wosewera gemu ya pa intaneti walembera mnzake ndi chipongwe, dandaulo chabe, kapena nthabwala. Ndinkatsata magemu awiri: Honor of Kings, ya pafoni, yomwe kampani ya Tencent inatulutsa mu 2015, ndi League of Legends. Ndiye tangoganizani, m'mawa uliwonse kudzuka, kumwa tiyi, n'kukhala pansi kuwerenga anthu akutukwanana m'Chitchaina.

Woyamba kumuthokoza ndi mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa ku Sichuan. Chaka choyamba ndinatenga pulogalamu yaulere yoyeza mawu, kuipatsa mauthenga anga, ndipo inandiuza kuti osewera ambiri ndi osangalala. Ndinanyadira, n'kukonzeka kukaonetsa aphunzitsi. Iye atasuzumira pa laputopu yanga anaseka mpaka misozi. Anandilozera mawu akuti hehe, omwe ine ndi kompyuta tinkayesa kuti ndi kuseka. Kumeneko achinyamata akalemba hehe nthawi zambiri ndi kunyoza, ngati mmene ife timatsonyera. Ngakhale kachithunzi ka nkhope yomwetulira ka pa WeChat, pulogalamu ya kuno yotumizirana mauthenga, n'chimodzimodzi, agogo akakutumizira ndi chikondi, mnzako akakutumizira ndiye kuti wakuona chitsiru.

Kuyambira tsiku limenelo tinkakhala limodzi madzulo, iye n'kumandimasulira. Cai ndi ndiwo zamasamba, koma mu gemu akakuuza kuti ndiwe cai ndiye kuti sutha kusewera. Cao ndi udzu, koma amamveka ngati mawu ena otukwana, choncho anthu amalemba udzuwo kuti makina osefa mawu asawagwire. Kuli kutchana mwana wa pulayimale, chipongwe chomwe sichinathe ngakhale boma litalamula mu 2021 kuti osakwana zaka 18 azisewera ola limodzi lokha, 8 mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Nanga 666? Ine mwana wokulira m'mpingo nditaiona koyamba mtima unagunda, ndinati nambala ya chilombo ija yafika mpaka kuno. Chonsecho sikisi m'Chitchaina ndi liu, ndipo amamveka ngati mawu otanthauza luso, ndiye 666 ndi kuombera m'manja. Koma mnzako akaphedwa mopusa mu gemu iwe n'kulemba 666, kumeneko ndi kumuseka. Manambala omwewo, mitima iwiri. Kompyuta sinkatha kusiyanitsa mpaka titaiphunzitsa kuona zomwe zalembedwa uthengawo usanabwere. Mnzanga, dzina lako lili pa tsamba loyamba la pepalali, ndipo sindinachite kukukomera mtima, n'lako ndithu.

Gawo lowawa linabwera chaka chachiwiri. Mu League of Legends ya ku China muli seva ina, kapena kuti bwalo la pa intaneti lokumaniranapo osewera, yotchedwa Zaun, iwo amati Zu'an, yomwe inatchuka cha m'ma 2020 chifukwa cha kutukwana, makamaka kutukwanirana amayi. Pali zilembo zinayi zachingerezi zomwe amafupikitsira mawu onena kuti mayi ako afa. Ndinali pakati powerenga ndi kuika chizindikiro pa mauthenga amenewa, limodzilimodzi, pamene achemwali anandiimbira kuti Amayi agonekedwa m'chipatala. Tsiku lotsatira ndinatsegula laputopu, kuona zilembo zija mzere ndi mzere, manja n'kuyamba kunjenjemera. Ndinatseka. Masabata atatu sindinaigwire.

Aphunzitsi ondiyang'anira, omwe timangowatcha laoshi, sanandikalipire. Anati ndisiye kaye gawo limenelo, napempha ophunzira awiri kuti andigwirire. Laoshi, xiexie, ndipo Chichewa chake ndi zikomo kwambiri.

Achemwali, inu munagona pansi m'wodi mausiku onse aja, kuchapa, kuphika kukhitchini ya odikirira odwala, kwinaku mukundinamiza pa foni kuti zonse zili bwino. Ndinkadziwa kuti mukunama, ndipo ndikuthokoza. Amalume, ndalama ya mankhwala ija sindinaiwale. Amalawi anzanga a mumzinda uno, munabwera ndi mpoto wa nsima ya ufa wachikasu wa kuno, yosagwira bwinobwino, koma ndinadya mpaka kunyambita zala. Ndi mayi wa kukantini uja, amene sitimvana bwino chilankhulo, koma ataona nkhope yanga ankangowonjezera chipande cha mpunga osalankhula kanthu.

Amayi, Mulungu wakusungani kuti muone tsikuli. Pepalali lili m'Chingerezi ndipo zitsanzo zake sindingakuwerengereni, n'zolaula zokhazokha. Ndikutera pa bwalo la ndege la Kamuzu mwezi wamawa. Achimwene abwere ndi galimoto yokhala ndi buti lalikulu, masutikesi ndi awiri. Ndipo chonde mundisungire nkhwani wotendera, cai yeniyeni ndaisowa.