Oak ikamauma nsonga, funsani kaye amene anakumba

Kosi ya kasamalidwe ka mitengo yomwe ndikupanga kuno ku Western Cape, ku South Africa, yafika pa mizu, ndipo gawo limeneli landigwira mtima chifukwa ku Stellenbosch, tawuni yomwe Simon van der Stel anaikhazikitsa mu 1679, mitengo ya oak ili mbwee m'misewu ngati Dorp Street komanso m'mayadi momwe ife ambiri timagwira ntchito za m'munda, nde ukaona umodzi ukufota zimapweteka.

Chomwe aphunzitsi anatitsindikira nchakuti mizu ya oak simalowa pansi kwambiri ngati momwe timaganizira. Yambiri, makamaka timizu ting'onoting'ono tomwe timamwa madzi, ili mu masentimita 60 apamwamba, ndipo imayala kutali kupitirira pomwe nthambi zathera. Nde kontrakitala akabwera kudzakumba ngalande ya mapaipi, kapena kuthira konkire, kapena galimoto zolemera kumangoima pansi pa mtengo dothi nkulimba gwa, mtengo sumafa pompo ayi. Umakhala bwinobwino chaka choyamba, mwina chachiwiri, kenako masamba ayamba kuchepa ndi kuchita chikasu, nsonga kuuma kuchokera pamwamba, timphukira tikutuluka pathunthu paliponse, pomwe aliyense anaiwala kale za ngalande ija. Nchifukwa chake usanagwire chilichonse umayenera kufunsa eni yadi kuti pamalopa panachitika chani zaka zapitazi.

Ku Britain ali ndi muyezo wotetezera mizu pomanga, BS 5837 ya 2012. Umayeza kunenepa kwa thunthu mopingasa (osati mozungulira) pa mamita 1.5 kuchokera pansi, nkuchulukitsa ka 12, ndipo mtunda umenewo kuchokera pa thunthu, malo onse ozungulirawo osakumba. Thunthu la masentimita 80 ndiye kuti pafupifupi mamita 10 mbali zonse. Ndani amasiya malo otere pomanga?

Komanso osathamangira kunena kuti ndi mizu basi. Kuli kachilombo koboola mitengo kotchedwa polyphagous shot hole borer, kanapezeka ku Pietermaritzburg mu 2017 ndipo mu 2019 kanali katafika ku Somerset West, kufupi ndi Stellenbosch, kamabweretsa bowa wa Fusarium yemwe amatseka njira za madzi mkati mwa mtengo, ndipo oak kamaikonda zedi. Umayang'ana timabowo tating'ono pakhungwa ndi madontho onyowa. Ukakapeza, nkhuni zake osazinyamula kupita nazo kwina.

Pa chithandizo ndi pomwe mabwana ambiri amandikhumudwitsa, amangoti thira feteleza wambiri udulirenso nthambi. Feteleza wa nayitrojeni amakakamiza masamba atsopano omwe mizu yotsalayo singathe kuwamwetsa, ndipo ukadula nthambi zamoyo wachotsa masamba omwe amapanga chakudya chomeretsa mizu ina. Zili ngati kusenzetsa wodwala thumba la chimanga. Chofunika ndi kufewetsa dothi ndi chida chopopera mpweya chomwe sichidula mizu, kuyala tizidutswa ta mitengo pa dothi mokhuthala masentimita 5 mpaka 10 koma tisakhudze thunthu, kuthirira mozama mwa apo ndi apo miyezi youma ya Disembala mpaka Malichi, kuchotsa nthambi zakufa zokha, kenako kudikira zaka ndithu.

Koma ngati anadula mizu ikuluikulu pafupi ndi thunthu mbali imodzi, ine sindingayambe ndi zothirirazo, ndimauza bwana aitane katswiri adzaone kaye ngati mtengowo ungapirire mphepo ya m'nyengo yozizira, makamaka ukakhala pafupi ndi nyumba kapena msewu.